WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI: PHUNZIRO LA KUYEZA ANTHU PA MLIRI WA COVID-19

Mawu olankhulidwa kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito za Boma m'mbali mwa nyanja, m'boma la Salima.



Munthu aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ino adziwa kuti msodzi akamakocheza m'mawa, a kunyumba kwake samufunsa kuti waponya chilimira kangati usiku wathawu. Iwo amasuzumira m'bwato. Ngati muli usipa, ndiye kuti pakhomo padyedwa nsima ya ndiwo. Ngati mulibe, kuchuluka kwa maulendo oponya khoka sikungakhutitse mwana. Nkhani ya lero ikhudza kuwerenga kwa mtundu womwewo. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene mliri wa Covid-19 udagwedeza dziko lonse lapansi, anthu ambiri m'Malawi muno adadandaula poyera kuti Boma silikuyeza anthu okwanira, ndi kuti chiwerengero chimene chinkaulutsidwa pa wailesi madzulo alionse sichikuonetsa kukula kwenikweni kwa matendawa. Ena mwa ogwira ntchito za Boma adakhumudwa nawo madandaulo amenewa, nawayesa chipongwe. Tsopano papita zaka, fumbi ladikha, ndipo ndi bwino kuti atsogoleri afunse mofatsa: kodi odandaula aja adali adani a dziko, kapena adali anansi otsina khutu?

MMENE ZINTHU ZIDAYAMBIRA

Pa 16 Marichi 2020 mkulu wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, Dr Tedros Adhanom Ghebreyesus, adauza maiko onse kuti chida choyamba polimbana ndi mliriwu ndicho kuyeza aliyense woganiziridwa kuti ali ndi kachilombo. Pa 20 Marichi, Mtsogoleri wa dziko lino pa nthawi imeneyo, Profesa Arthur Peter Mutharika, adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zidatsekedwa ndipo misonkhano ya anthu opitirira 100 idaletsedwa. Pa 2 Epulo padapezeka anthu atatu oyamba odwala matendawa mu mzinda wa Lilongwe, ndipo pa 7 Epulo dziko lidamva za imfa yoyamba ku Blantyre.

M'masiku oyambawo malo oyezera adali atatu okha m'dziko lonse: labotale yaikulu ya Unduna wa za Umoyo ku Lilongwe, ya sukulu ya madotolo ya College of Medicine, ndi ya Malawi-Liverpool-Wellcome Trust, ziwirizi zili ku Blantyre. Chigawo cha Kumpoto chidalibe ndi amodzi omwe kufikira pamene chipatala chachikulu cha Mzuzu chidayamba ntchitoyi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'dziko muno muli anthu 17.5 miliyoni. Malo atatu pa anthu ochuluka chotere ali ngati mabwato atatu pa nyanja yonse kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi.

Kuyeza kwake sikudali ngati kwa malungo, kumene munthu amabayidwa pachala nalandira yankho asanachoke pa benchi. Wachipatala ankavala zodzitetezera thupi lonse, kulowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mwa wodwala, kukatsekera m'kabotolo ka mankhwala, ndi kukasunga pozizira mpaka kakafike ku makina. Makinawo ankafuna magetsi osazimazima, mankhwala ake ake, ndiponso munthu wophunzira bwino wowayendetsa. Makinawo ndi mankhwala ake sizinkapangidwa m'dziko muno. Zonse zinkachokera kunja, zogulidwa ndi ndalama zakunja, pa nthawi imene ndege zidaleka kuuluka ndipo maiko olemera adali kulimbirana katundu yemweyo ndi matumba odzaza. Mphatso ya wamalonda wa ku China, Jack Ma, amene adapereka zoyezera 20,000 ku dziko lililonse la mu Africa, idathandiza kuyamba, koma sikadakwanira ngakhale boma limodzi la Salima, limene lili ndi anthu oposa 470,000.

Kwa munthu wa ku Chipoka, ku Lifuwu kapena ku Khombedza, tanthauzo la zonsezi lidali lakuti kabotolo kake kayende choyamba kufika pa boma, kenaka kakwere phiri ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe, kakadikire pa mzere, ndipo yankho libwerere njira yomweyo. Pamene yankho linkafika, munthu uja adali atagona kale m'nyumba imodzi ndi ana ake, atapita ku maliro, atakwera matola ndiponso atagulitsa nsomba pa msika wa Kamuzu Road.

ZIMENE ANTHU ANKANENA

Madandaulo a anthu adali a mitundu ingapo, ndipo ndi bwino kuwatchula monga momwe adalili, popanda kuwadzoza mafuta.

Loyamba lidali lakuti odwala akuoneka ochepa chifukwa oyezedwa ndi ochepa. Madotolo, atolankhani ndi anthu wamba ankati munthu amene sadaponye khoka sangalumbire kuti m'nyanja mulibe nsomba. Lachiwiri lidali lakuti zotsatira zikuchedwa kotero kuti zikutaya ntchito yake. Lachitatu lidali lakuti kuyeza kukukomera anthu a m'mizinda ndi a maulendo a pandege, pamene a kumudzi akungomva pa wailesi. Lachinayi, limene lidali lowawa kuposa onse, lidali lakuti Boma likufuna kuika malamulo olemera pa msana pa anthu osauka lisanadziwe bwino kumene matendawa ali.

Dandaulo lachinayili lidafika ku bwalo la milandu. Pa 14 Epulo 2020 Boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Ochita malonda m'misika ya m'mizinda adakwiya nayenda m'misewu, akunena kuti njala iwapha msanga kuposa kachilombo. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidakadandaula ku Bwalo Lalikulu la Milandu, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. M'bindikirowo sudachitike konse. Mwezi womwewo anamwino ndi madotolo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adayamba kunyanyala ntchito pofuna zodzitetezera.

Kumapeto kwa Meyi chaka chomwecho padachitika chinthu chimene chidaonetsa poyera kuti kuyeza popanda dongosolo lonse sikupindula. Amalawi ambiri amene ankagwira ntchito ku South Africa adabwerera kwawo pa mabasi kudzera pa chipata cha Mwanza. Ena adasungidwa pa bwalo la masewera la Kamuzu ku Blantyre kuti adikire zotsatira zawo. Iwo adadandaula za kusowa kwa chakudya, madzi ndi zimbudzi zoyenera, ndipo oposa 400 adachoka pamalopo zotsatira zisanatuluke, nabalalika kupita kumidzi kwawo. M'mabuku a ofesi anthuwo adalembedwa kuti ayezedwa, ndipo chiwerengero cha oyezedwa chidakwera. Koma ntchito imene kuyezako kudayenera kugwira, yopatula odwala kuti asapatsire anzawo, idalephereka. Khoka lidaponyedwa, koma lidali lobooka.

Pa 23 Juni 2020 padachitika chisankho cha Mtsogoleri wa dziko, ndipo Dr Lazarus Chakwera adatenga udindowo. Boma lidasintha, koma vuto silidasinthe. Mu Julaye, pamene matenda adali kukwera, zoyezera zidatsala pang'ono kutha, ndipo komiti yoyendetsa nkhondo yolimbana ndi mliriwu idanena kuti ayambe ayezedwa okhawo amene akuonetsa zizindikiro. Amene adali kudzudzula dzulo adapezeka akuyankha mafunso omwewo lero, ndipo amene adali kuyankha adasanduka ofunsa. Ili ndi phunziro lokwanira kwa wandale aliyense: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kachilombo sikadafunse munthu khadi la chipani.

ZIMENE ZIDADZADZIWIKA PAMBUYO PAKE

Lero pali umboni umene padalibe pa nthawi imeneyo. Munthu akadwalapo matendawa, ngakhale osadziwa, m'magazi mwake mumatsala chizindikiro. Akatswiri a ku Blantyre adayeza magazi a anthu 500 ogwira ntchito za chipatala mu mzindawo m'miyezi ya Meyi ndi Juni 2020, ndipo adapeza kuti pafupifupi 12 mwa 100 alionse adali atakumana kale ndi kachilomboka, pa nthawi imene chiwerengero cholengezedwa m'dziko lonse chidali chochepa kwambiri. Kafukufuku wina adaunika magazi a anthu opereka magazi mwaufulu ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, ndipo adaonetsa kuti pofika pakati pa chaka cha 2021 anthu oposa 6 mwa 10 alionse adali ndi chizindikirocho.

Tsono chiwerengero cha Boma cha nthawi yonse ya mliriwu chidathera pa anthu pafupifupi 89,000 opezeka ndi matendawa ndi oposa 2,600 omwalira. Munthu akaika ziwerengero ziwirizi pamodzi aona yekha kuti amene adalembedwa m'mabuku adali kachigawo kakang'ono ka amene adadwaladi. Motero pa dandaulo loyamba lija, anthu odandaula adanena zoona. Sikuti Unduna udanama. Udalengeza zimene makina adapeza. Koma makina amapeza okhawo amene abweretsedwa kwa iwo. Cholakwa chinkabwera pamene munthu waudindo ankatenga chiwerengero cha opezeka n'kuchisandutsa chiwerengero cha odwala, nauza anthu kuti kudera kwawo kuli bwino chifukwa sikudapezeke munthu, pamene kudera kumeneko sikudayezedwe ndi mmodzi yemwe.

Komabe si mawu onse amene adayankhulidwa m'masiku amenewo adali a nzeru. Padali mphekesera zakuti kamtengo ka thonje kaja ndiko kakulowetsa matenda, kuti achipatala akulemba dala anthu kuti ali ndi kachilombo pofuna kulandira ndalama, ndi kuti wopita kuchipatala ndi chifuwa sabwerako. Mphekesera zimenezi zidachititsa kuti odwala mphumu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi azibisala m'nyumba mpaka zinthu zitafika poipa, ndiponso kuti alangizi a zaumoyo, amene ndi ana a m'midzi momwemo, azilandiridwa ndi nkhope zamasinya. Mtsogoleri wanzeru ayenera kudziwa kusiyanitsa. Munthu wofunsa kuti zotsatira zake zachedweranji akufuna kuti ntchito iyende bwino. Munthu wouza anzake kuti asapite kukayezetsa akugwetsa ntchitoyo. Kuwaika awiriwa m'thumba limodzi ndi kulakwira woyamba ndi kumpatsa mphamvu wachiwiri, pakuti pamene funso labwino lasowa yankho, bodza ndilo limakhala pampando.

MAENJE AWIRI

Pa nkhani ya chiwerengero pali maenje awiri, lina kumanja lina kumanzere, ndipo maiko ena adagweramo anthu akuona.

Dzenje loyamba ndi la kupembedza chandamale. Pa 2 Epulo 2020, tsiku lomwelo limene Malawi adapeza odwala ake oyamba, nduna ya za umoyo ku Britain, Matt Hancock, idalonjeza kuti pofika kumapeto kwa mwezi umenewo dziko lake lizidzayeza kokwana 100,000 pa tsiku. Mwezi utatha, idalengeza monyadira kuti pa 30 Epulo chiwerengero chidafika pa 122,347. Posakhalitsa anthu adazindikira kuti mwa chiwerengero chimenecho mudali zoyezera pafupifupi 40,000 zimene zidangotumizidwa m'makomo ndi m'malo ena, zisanabwerere ku labotale. Pa 2 Juni mkulu wa bungwe loyang'anira ziwerengero za boma m'dzikolo, Sir David Norgrove, adalembera ndunayo kalata yodzudzula kaperekedwe ka ziwerengerozo. Dziko lolemera, la makina ambiri, lidakodwa mu msampha wowerenga maulendo oponya khoka m'malo mwa nsomba. Pamene waudindo walumbira pagulu kuti afika pa nambala yakutiyakuti pa tsiku lakutilakuti, onse a pansi pake amaleka kufunsa kuti ndani akufunika kuyezedwa, nayamba kufunsa kuti nambala ikwana bwanji.

Dzenje lachiwiri ndi la kuleka kuwerenga. Kwa anansi a ku Tanzania, chiwerengero chidaima pa anthu 509 ndipo sichidasinthe kwa chaka ndi miyezi. Mu Meyi 2020 Mtsogoleri wawo wa nthawi imeneyo, malemu Dr John Magufuli, adakayikira poyera makina oyezera, nanena kuti zotengedwa ku mbuzi ndi ku papaya zidapezeka ndi kachilombo. Dzikolo lidayambanso kulengeza ziwerengero mu 2021, pansi pa Mayi Samia Suluhu Hassan. Kukhala chete kumachotsa madandaulo m'nyuzipepala, koma sikuchotsa maliro m'midzi.

Malawi sadagwere kwathunthu mu lina la maenje awiriwa, ndipo ichi n'choyenera kuyamikira. Tsiku ndi tsiku, pansi pa maboma onse awiri, chiwerengero chinkaulutsidwa, chokoma ndi chowawa chomwe. Makina a GeneXpert, amene adali kale m'zipatala za m'maboma pa ntchito yoyeza chifuwa chachikulu, adayamba kugwiritsidwa ntchito, ndipo malo oyezera adachoka pa atatu kufika pa oposa 40 chaka chisanathe. Pambuyo pake kudabwera zoyezera zachangu zopereka yankho m'mphindi zowerengeka, zimene zidafika ndi m'zipatala zing'onozing'ono zomwe. Anyamata a njinga zamoto onyamula mabotolo, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi akatswiri a m'malabotale adagwira ntchito usana ndi usiku, ena mpaka kutaya miyoyo yawo. Koma chilungamo chifuna kuti zinenedwenso kuti mbali ina ya changu chimenechi idabwera chifukwa anthu sadaleke kufunsa.

CHIWERENGERO CHOTHANDIZA NDI CHITI?

Sikuti chandamale n'choipa. Ntchito yopanda mulingo ili ngati ulendo wa panyanja wopanda nyenyezi. Nalo bungwe la Africa CDC, lotsogozedwa pa nthawiyo ndi Dr John Nkengasong, lidaika cholinga choti anthu 10 miliyoni ayezedwe mu Africa, pofuna kudzutsa maiko. Chofunika ndi chakuti nambala ya oyezedwa isamayende yokha, koma iziyenda ndi mafunso ena anayi.

Funso loyamba: mwa oyezedwawo, opezeka ndi matenda ndi angati? Mu Meyi 2020 bungwe la WHO lidalangiza kuti ngati opezeka ali ochepera 5 mwa 100 alionse oyezedwa kwa masabata awiri, ndiye kuti dziko likuuona bwino mliri. Ngati ali ochuluka kwambiri kuposa pamenepo, ndiye kuti akuyezedwa ndi odwala kwambiri okha, ndipo ambiri akudutsa kunja kwa khoka.

Funso lachiwiri: yankho likutenga masiku angati? Yankho lofika patatha sabata ndi mbiri yakale chabe, silitchinjiriza munthu.

Funso lachitatu: akuyezedwawo ndi ayani, ndipo ndi a kuti? Anthu 1,000 oyezedwa pa bwalo la ndege sanena kanthu za gombe la Senga Bay, kumene asodzi ochokera ku Nkhotakota, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay amagona m'misasa mothithikana, ndi kumene amayi ogula nsomba amafika m'bandakucha n'kubwerera ku Lilongwe tsiku lomwelo.

Funso lachinayi, limene ndilo lalikulu: munthu akapezeka ndi matenda, chimachitika n'chiyani? Msodzi wokoka khoka la mwini wake amadya za tsiku lomwelo. Kumuuza kuti akhale m'nyumba masiku 14 popanda ufa ndi kumuuza kuti asadzabwerenso kudzayezetsa, iye pamodzi ndi anzake onse amene amva nkhani yake. Mayi woyanika usipa pa thandala akadziwa kuti dzina lake likatuluka makasitomala amuthawa, sadzapereka mphuno yake kwa wachipatala. Kuyeza kumayenda bwino pokhapo pamene wopezeka ndi matenda asungiridwa chinsinsi, asamalidwa, ndipo saona ngati walangidwa chifukwa cha kumvera.

NDALAMA NDI CHIKHULUPIRIRO

Mu Januwale 2021 mliri udabweranso ndi ukali woposa poyamba. Pa 12 Januwale, tsiku limodzi, dziko lidataya nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, ndipo Mtsogoleri wa dziko adalengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Zipatala zidadzaza, mpweya wothandiza kupuma udasowa, ndipo bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe lidasandutsidwa chipatala. Pamenepo ndi amene ankakayika omwe adayamba kufunafuna koyezetsa.

M'masiku omwewo anthu adafunsa funso lina: ndalama zokwana K6.2 biliyoni zimene zidaperekedwa kuti zilimbane ndi mliriwu zidapita kuti? Ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha Boma idaunika, ndipo lipoti lake la mu Epulo 2021 lidaonetsa kuti zina zidathera m'malawansi ndi m'kugula katundu mosatsata malamulo. Nduna imodzi idachotsedwa pa udindo ndipo ogwira ntchito za Boma angapo adamangidwa. Nkhani imeneyi iyenera kukhala chenjezo kwa aliyense wosunga kiyi wa ofesi. Mphekesera ija yakuti achipatala akupanga odwala pofuna ndalama idali bodza, koma bodzalo lidapeza nthaka yachonde pamene anthu adamva kuti ndalama za mliri zadyedwa m'misonkhano. Boma la Salima lidziwa bwino za misonkhano, pakuti mahotela a m'mbali mwa nyanja ino ndiwo amalandira yambiri. Msonkhano wokonza ntchito ndi wabwino. Koma pamene galimoto za Boma zandandalika pa hotela, chipatala cha pafupi chilibe mafuta a ambulansi, anthu a m'mudzi amaona, ndipo saiwala. Tambala imodzi yodyedwa mwachinyengo imawononga ntchito ya alangizi zana.

Pali chitsanzo china chosonyeza njira yabwino. Katemera woyamba, wokwana 360,000, adafika m'dziko muno pa 5 Marichi 2021. Pamene wina adapitirira masiku ake asanagwiritsidwe ntchito, Nduna ya za Umoyo ya nthawi imeneyo, Mayi Khumbize Kandodo Chiponda, idatsogolera kutentha katemera wokwana 19,610 poyera pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe pa 19 Meyi 2021, atolankhani akuona. Kudali kuvomera pamaso pa dziko kuti katundu wawonongeka, chinthu chimene waudindo aliyense sakonda. Koma kudatseka pakamwa onse amene ankati anthu akubayidwa katemera wotha mphamvu. Choonadi chowawa chonenedwa msanga chimagula chikhulupiriro chimene mawu okoma chikwi sangagule.

UDINDO WA ATSOGOLERI

Bungwe la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Koma miliri sidathe. Kolera amene adayamba mu Marichi 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Salima, adali m'gulu la okhudzidwa. Mu 2025 kudamveka nthenda ya mpox. Wina udzabwera, dzina lake silikudziwika. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Wogwira ntchito za Boma ayenera kulemba chimene wapeza, osati chimene akulu ake akufuna kumva. Ngati zoyezera zatha, lipoti linene kuti zatha, ndipo linene tsiku limene zidathera. Ngati mudzi sudafikiridwe, pa dzina lake palembedwe kuti sudafikiridwe, pasalembedwe ziro, pakuti ziro amatanthauza kuti anthu adayezedwa ndipo sadapezeke ndi kanthu. Lipoti lokometsera limasangalatsa ofesi kwa sabata imodzi, koma limachititsa kuti katundu atumizidwe kwina, ndipo olira amadzakhala anthu a dera lomwelo.

Mtsogoleri wa Chipani ali ndi ntchito ziwiri, ndipo yachiwiri imaiwalika kawirikawiri. Yoyamba ndi kutengera mawu a Boma kwa anthu. Yachiwiri ndi kutengera mawu a anthu ku Boma, osawasefa. Wapampando wa nthambi amene wamva amayi akudandaula pa chitsime kuti zotsatira sizikubwera, iye n'kukanena kumtunda kuti zonse zili bwino, sadateteze Boma. Walimanga nsalu kumaso. Ndipo pamene munthu waimirira pa msonkhano nafunsa funso lolasa, asafufuzidwe kuti ndi wa mbali iti. Ayankhidwe. Ngati yankho palibe, auzidwe kuti likafunsidwa ndipo libwera tsiku lakuti, ndipo tsikulo likafika libweredi. Dziko lino lidaphunzira kale mtengo wa kukhala chete. Munthu woyamba wodwala Edzi adapezeka mu 1985, koma kwa zaka zambiri nkhaniyo inkanenedwa monong'ona, ndipo manda adadzaza. Zinthu zidayamba kusintha pamene anthu adayamba kuitchula poyera, kuyezetsa poyera ndi kulandira mankhwala popanda manyazi.

Mafumu nawo ali ndi chitsanzo pakhomo pomwe pano. Chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, chimatsekedwa chaka ndi chaka m'nyengo ya mvula, ndipo asodzi amachoka mpaka chidzatsekulidwe mu Epulo. Lamulo limeneli lasungidwa kwa zaka zambirimbiri popanda mfuti. Chifukwa chake n'chakuti asodzi adauzidwa cholinga chake, amaona kuti likugwira aliyense mofanana, ndipo chilumba chikatsekulidwa amaona ndi maso awo utaka m'mabwato. Malamulo a zaumoyo adzamveredwa motero pokhapokha atayenda njira yomweyo: cholinga chifotokozedwe, wamkulu ndi wamng'ono ayezedwe ndi muyeso umodzi, ndipo phindu lioneke.

Olemekezeka mafumu, amayi ndi abambo, Boma lolimba silidziwika ndi kusowa kwa odandaula. Limadziwika ndi mmene limayankhira. Anthu amene adafunsa za kuyeza mu 2020 adalakwitsa zina, koma pa chachikulu adalondola, ndipo magazi a Amalawi eni ake ndiwo adachitira umboni. Mliri wina ukadzafika pa gombe lino, adzafunsanso. Pa tsiku limenelo pasadzapezeke waudindo woloza chala wofunsayo, kapena wowerengera anthu maulendo amene khoka laponyedwa. Adzatenge wofunsayo pa dzanja, apite naye pa bwato, asuzumiremo onse awiri, ndipo anene zimene zilimo.